Manyowa Tinathira, Nanga Nayitrojeni Wapita Kuti?

Mwezi wa Okutobala ukafika, munthu woyenda m'misewu ya kumidzi kuchokera ku Kasungu kudzera ku Mchinji mpaka ku Chipata ndi Katete, kapena kuchokera ku Dedza kulowa ku Ulongwe m'boma la Angónia, amaona zinthu zofanana. Ngolo zimakhala zikutuluka m'makola, ndipo m'minda mumakhala timilu ta manyowa tondandalikana m'mizere. Timiluto timakhala pamenepo masabata ambiri, dzuwa likuswa mtengo, kudikira mvula. Mlangizi akaona zimenezi amakondwa kuti uthenga wake wamveka, ndipo m'lipoti lake amalemba chiwerengero cha ngolo. Koma pofika Januwale mlimi yemwe uja amabwera ndi funso: "Alangizi, manyowa ndinathira monga munanenera, nanga bwanji chimanga changa chachita chikasu?"

Tisafulumire kuyankha kuti manyowa anachepa. Kawirikawiri ngolo zimakhala zokwanira. Chimene chimachepa ndi nayitrojeni wa m'manyowamo. Mwa michere yonse imene ili m'manyowa, nayitrojeni ndiye wosakhazikika. Fosiforasi amakhala pafupi ndi pamene mwamuika, koma nayitrojeni amauluka ndi mphepo, amatsika ndi madzi, ndipo nthawi zina amagwidwa ndi tizilombo ta m'nthaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Momwemonso nayitrojeni wa mlimi ndi amene wafika pamuzu wa mbewu pa nthawi imene mbewuyo ikumufuna. M'nkhani ino titsata ulendo wa mchere umenewu kuchokera m'khola kufikira pamuzu, kuti tione malo amene umatayikira ndi zimene mlimi angachite popanda kutulutsa ndalama zambiri.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

M'chaka cha 1990 akatswiri awiri a ku Netherlands, Stoorvogel ndi Smaling, anawerengera kuti minda ya m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara inali kutaya pafupifupi makilogalamu 22 a nayitrojeni pa hekitala chaka chilichonse, kuposa amene ankabwezeredwamo. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, choncho zinali ngati hekitala iliyonse ikubedwa thumba limodzi pachaka. Mu 2006 atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti kagwiritsidwe ntchito ka feteleza kakwere kuchoka pa makilogalamu 8 kufika pa 50 a michere pa hekitala pofika 2015, koma maiko ambiri sanafikepo. Kenaka mu 2021 ndi 2022 mtengo wa feteleza unakwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo mabanja ambiri anabwerera kukhola.

Kuti chimanga chibereke tani imodzi, mbewu yonse pamodzi ndi mapesi ake imamwa makilogalamu a nayitrojeni pakati pa 20 ndi 25. Motero nayitrojeni wofanana ndi thumba limodzi la yureya akatayika pakhola, banja lataya mwayi wa matumba angapo a chimanga amene akanalifikitsa m'miyezi ya njala.

Kodi m'ngolo muli chiyani?

Feteleza wa m'sitolo amalembedwa mphamvu yake pathumba. Yureya ali ndi magawo 46 a nayitrojeni mwa magawo 100 aliwonse, kaya mwamugula ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Lusaka. Manyowa salembedwa, ndipo amasiyana kutalitali. Kafukufuku amene anachitika ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti manyowa ouma a ng'ombe ochokera m'makola a alimi ang'onoang'ono anali ndi nayitrojeni kuyambira pa 0.5 kufika pa 1.4 mwa magawo 100. Ambiri mwa manyowawo anali osakanizika ndi mchenga wochuluka, wokumbidwa pansi pa khola pofukula.

Tiyeni tiwerengere. Matani 5 a manyowa ouma okhala ndi 1.4 mwa 100 amanyamula makilogalamu 70 a nayitrojeni, ofanana ndi matumba atatu a yureya. Matani 5 omwewo, akakhala ndi 0.5 mwa 100, amanyamula makilogalamu 25 okha, kungopitirira pang'ono thumba limodzi. Thukuta lokumba, lopakira ndi lotuta ndi lofanana, koma phindu lasiyana pafupifupi katatu. Komanso nayitrojeni wa m'manyowa satuluka yense chaka choyamba. Wambiri amakhala womangika m'zinthu zosawolerana, ndipo mbewu ya chaka choyamba kawirikawiri imapeza gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kucheperapo. Wotsalayo amatuluka pang'onopang'ono m'zaka zotsatira.

Zitosi za nkhuku zimakhala ndi nayitrojeni wochuluka, nthawi zambiri kawiri kapena katatu kuposa ndowe za ng'ombe, ndipo amatuluka msanga. Manyowa a mbuzi a m'khola lofolera amaposanso a ng'ombe za m'khola lapamtetete. Koma manyowa akakhala amphamvu, amatayanso zambiri akasiyidwa poyera.

M'khola: mkodzo ndiwo chuma

Ng'ombe imabweza magawo oposa 70 mwa 100 a nayitrojeni amene yadya, kudzera m'ndowe ndi mu mkodzo. Nayitrojeni wa m'ndowe ndi womangika, sathawa msanga. Wa mu mkodzo wambiri ndi yureya, yemweyo amene timagula m'thumba. Mkodzo ukangogwera pa ndowe kapena pa dothi, yureya amasanduka amoniyamu m'masiku ochepa, ndipo pamalo otentha ndi ouma amoniyamu amasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka. Fungo lolasa m'mphuno limene timamva m'khola m'mamawa ndi nayitrojeni amene akutsazika.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichiganizira. M'chilimwe ng'ombe zimadya udzu wouma wopanda mphamvu, ndipo mkodzo wake umakhala ndi nayitrojeni wochepa. M'dzinja zimadya msipu wauwisi, ndipo mkodzo umakhala wamphamvu, mwina kunyamula theka kapena kuposerapo la nayitrojeni yense amene ng'ombe yatulutsa. Tsono nyengo yomweyo ndi imene khola lopanda denga limasanduka thope, madzi akuda n'kumayenderera kunja kapena kulowa pansi. Nthawi imene khola lili ndi chuma chambiri ndi imenenso limatayikitsa kwambiri.

Umboni wake uli pa malo amene panali khola lakale. Maungu, fodya kapena bonongwe wa pamenepo amakhala wobiriwira kwa zaka zambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020, wochitika makamaka m'madera a abusa a kum'mawa kwa Africa, anapeza kuti makola osiyidwa amapitirira kutulutsa mpweya wa nayitrojeni kwa zaka zoposa 40. Zonsezi ndi chakudya chimene chikanapita kumunda.

Mankhwala ake ndi awiri: zogonera ndi denga. Mapesi odulidwadulidwa, udzu, masamba a mitengo, makoko a mtedza kapena mankhusu a mpunga zikayalidwa m'khola zimamwa mkodzo, ndipo tizilombo towoletsa zinthuzi timagwira nayitrojeni kuti asauluke. Zogonera ziziwonjezeredwa zikanyowa, makamaka m'dzinja. Denga la udzu, ngakhale lofolera mbali imodzi ya khola, limachepetsa madzi odutsa m'manyowa. Alimi a ng'ombe za mkaka zodyera m'khola, monga a ku Thyolo ndi Chiradzulu, ali ndi mwayi woposa, chifukwa ndowe ndi mkodzo wa usana ndi usiku zimagwera pamalo amodzi. Iwo angathe kukonza kangalande kotengera mkodzo m'kadzenje kotsekera, n'kumausungunula ndi madzi ndi kuthirira nsenjere.

Pamulu: dzuwa, mphepo, mvula ndi phulusa

Manyowa akatulutsidwa m'khola n'kuunjikidwa poyera, mpweya umalowa momasuka, mulu umatentha, ndipo amoniya amauluka. Mulu ukamatembenuzidwa pafupipafupi, kutayikako kumakula. Mvula ikaugwera, madzi akuda otuluka pansi pake amanyamula nayitrojeni ndi potaziyamu. Manyowa akakhalitsa pamulu wotere amaoneka okongola, ofewa ngati dothi, koma mphamvu yake yambiri imakhala itapita.

M'midzi yambiri phulusa la kukhitchini limatayidwa pamulu wa manyowa. Phulusa ndi labwino kumunda chifukwa lili ndi potaziyamu, koma likasakanizidwa ndi ndowe zaziwisi kapena zitosi pamalo otseguka limafulumizitsa kuuluka kwa amoniya. Laimu amachitanso chimodzimodzi. Ndi bwino kuti phulusa ndi laimu zizipita kumunda pazokha.

Ku Zimbabwe, akatswiri a za nthaka Nzuma ndi Murwira anafalitsa mu 2000 zotsatira za ntchito imene anachita ndi alimi poyerekeza manyowa osungidwa pamulu ndi osungidwa m'dzenje lokwirira ndi dothi. Manyowa a m'dzenje anasunga nayitrojeni wochuluka wopezeka msanga ku mbewu, ndipo chimanga cha chaka choyamba chinabereka bwino koposa. Chinsinsi chake ndi kutseka: mpweya ukamalowa pang'ono, amoniya sapeza pothawira. Koma tichenjere pofalitsa njirayi. Dzenje losakwirira limasanduka chitsime cha madzi a mvula, ndipo pa dothi la mchenga kapena pamalo pamene madzi ali pafupi, michere imatsika n'kupita. M'malo otere ndi bwino kuunjika manyowa pamthunzi, kuwatsendera ndi kuwamata ndi dothi, monga amachitira alimi a ku Malawi pokonza manyowa a chimato, kapena kuwafunditsa udzu wochindikala kapena pepala la pulasitiki.

M'munda: timilu ta pa dzuwa ndi mvula yoyamba

Tibwerere ku timilu tija. Kamulu kakang'ono kamauma msanga kuposa mulu waukulu, ndipo kakakhala pa dzuwa kuyambira Ogasiti mpaka Novembala kamataya amoniya amene anatsalira. Mvula yoyamba ikagwa kasanamwazidwe, michere yosungunuka imalowa pansi pa kamuluko pokha. Ndicho chifukwa chake m'minda ina timaona zigamba za chimanga chobiriwira bii, pamene china chonse chili chachikasu. Manyowa akakwiriridwa, dothi limagwira amoniyamu, chifukwa timbali ting'onoting'ono ta dothi ndi ta zowolerana timakoka mchere umenewu.

Koma amoniyamu sakhalitsa m'nthaka yofunda ndi yachinyontho. Mabakiteriya amamusandutsa nayitireti m'sabata imodzi kufikira atatu. Mbewu zimamwa nayitireti mosavuta, koma dothi silimugwira kwenikweni, motero amapita kulikonse kumene madzi akupita.

Pa chifukwa ichi mvula yoyamba ndi yofunika kuimvetsa. Mu 1958 katswiri wina dzina lake H. F. Birch, amene ankagwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, anaonetsa kuti dothi limene lauma kwa nthawi yaitali likanyowa, tizilombo ta m'nthaka timadzuka mwamphamvu ndi kutulutsa nayitrojeni wambiri pa masiku ochepa. M'chigawo chathu, kumene chilimwe chimatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, zimenezi zimachitika chaka ndi chaka. Vuto ndi lakuti pa nthawi imeneyi chimanga chimakhala chisanamere kapena chili ndi timizu tochepa. Chimayamba kudya kwambiri chikafika m'mawondo mpaka chitamasula ngaiyaye. Mlimi akachedwa kubzala ndi masabata awiri kapena atatu, mvula imakhala itatsitsa nayitireti kupitirira pamene mizu ingafike. Kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira ndi njira imodzi yosungira mphamvu ya manyowa.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa pa dothi la mchenga ku Domboshava, pafupi ndi Harare, ndi Nyamangara ndi anzake m'nyengo zitatu za ulimi kuyambira 1996/97 mpaka 1998/99. Iwo ankatunga ndi kuyeza madzi amene atsika kupitirira mizu ya chimanga. M'chaka cha mvula yambiri cha 1996/97, pamene anathira feteleza wochuluka kapena feteleza pamodzi ndi manyowa, nayitrojeni wotsika ndi madzi anafika makilogalamu 56 pa hekitala. Pamene anathira manyowa okha, wotayika anali wosapitirira makilogalamu 20 pa chaka mwa chigulu. Anapezanso kuti manyowa amathandiza chimanga kugwiritsa bwino ntchito feteleza, ndipo njira imene inateteza zokolola ndi kuchepetsa kutayika inali ya manyowa ocheperapo pamodzi ndi makilogalamu 60 a nayitrojeni wa feteleza pa hekitala. Phunziro lake ndi lakuti manyowa ndi feteleza si adani, koma kuunjika zonse ziwiri pa mchenga nthawi imodzi ndi kudyetsa madzi a pansi.

Pa dothi la katondo nayitireti amatsika pang'onopang'ono, ndipo m'madothi ena ofiira amakodwa pansi, kumene mizu ya chimanga sifika. Mbewu ndi mitengo ya mizu yozama, monga nandolo, jerejere ndi gilisidiya, imatha kumutola ndi kumubweza pamwamba kudzera m'masamba. Mitengo imeneyi yayesedwa kwa zaka zambiri ku malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata ndi Makoka ku Zomba.

M'dambo ndi m'malo odikha madzi

Madzi akadikha m'munda, mpweya umatha m'nthaka. Pamenepo mabakiteriya ena amagwiritsa ntchito nayitireti popuma, n'kumusandutsa mpweya wobwerera kumwamba. Izi zimachitika kwambiri m'madambo, pa dothi la makande ndi m'madimba othiriridwa mopyola muyezo, makamaka ngati mwathiridwa ndowe zaziwisi, zimene zimapatsa mabakiteriyawo chakudya. Gawo lina la mpweyawu, wotchedwa nitrous oxide, limatenthetsa dziko kuwirikiza 273 kuposa mpweya wa kaboni wolemera mofanana, malinga ndi lipoti la IPCC la 2021. M'malo otere manyowa athiridwe owolerana bwino, pa mizere kapena mabedi okwera, ndipo ngalande zotulutsa madzi zikhale zolambulidwa.

Nayitrojeni wogwidwa, osati wotayika

Chikasu china sichichokera ku kutayika. Manyowa akakhala ndi mapesi, udzu kapena utuchi wambiri wosawola, tizilombo towoletsa timafuna nayitrojeni woposa amene ali m'manyowamo, ndipo timalanda wa m'nthaka. Kwa masabata angapo chimanga chimalimbirana chakudya ndi tizilomboti, ndipo chimagonja. Nayitrojeniyo amadzabwerera, koma mwina chimanga chitapinimbira kale. Choncho zogonera zimene tazitamanda pamwambapa zimafuna nthawi yoti ziwolerane manyowa asanapite kumunda. Ngati manyowa otere athiridwa kale, feteleza wobereketsa wochepa, wothiridwa msanga, amapulumutsa mbewu. Mlimi auzidwenso kuti phindu la manyowa amenewa adzaliona bwino chaka chachiwiri ndi chachitatu, kuti asagwe ulesi.

Kumene nayitireti amathera

Nayitireti wotsika pansi pa khola kapena pa mulu amatha kukalowa m'chitsime. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita imodzi ya madzi akumwa, pofuna kuteteza makamaka makanda, amene magazi awo amalephera kunyamula bwino mpweya akamwa madzi otere. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa nayitireti. Khola, mulu ndi dzenje la manyowa zikhale chakumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30, ndipo pa dothi la mchenga kutalikirapo.

Zoti tiphunzitse alimi

1. Yalani zogonera m'khola ndi kuwonjezera zikanyowa. Folerani khola, ngakhale mbali imodzi, ndipo kumbani ngalande kumtunda kwake kuti madzi othamanga asalowemo.

2. Pofukula manyowa musakumbe mpaka pa mchenga wa pansi.

3. Sungani manyowa pamthunzi, otsendereka ndi ofundika. Dzenje likwiriridwe. Phulusa ndi laimu zisasakanizidwe ndi manyowa aawisi.

4. Tutani manyowa mvula itayandikira ndipo muwakwirire tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ngati ngolo yapezeka msanga, unjikani mulu umodzi waukulu m'mphepete mwa munda ndi kuufunditsa.

5. Manyowa akachepa, aikeni pafupi ndi mizu: m'khwawa momwe mudutse mzere watsopano, kapena m'maenje obzalamo, monga amachitira alimi a ulimi wosunga nthaka ku Zambia ndi a Pfumvudza ku Zimbabwe. Ndi bwino kuthira mokwanira ndime imodzi chaka chino ndi ina chaka chamawa kusiyana ndi kumwaza pang'onopang'ono munda wonse.

6. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira ndi kupalira msanga, chifukwa udzu umadya nayitrojeni yemweyo.

7. Pa dothi la mchenga gawani feteleza wobereketsa kawiri, mumukwirire, ndipo musathire pamene madzi adikha.

Ntchito yathu alangizi

Mlimi amakhulupirira chimene waona. Pa msonkhano, tengani botolo loonekera m'kati, ikanimo manyowa odzaza dzanja, thiranimo madzi, khutchumulani ndi kuliika pansi. Mchenga udzakhazikika pansi pa botolo, ndipo aliyense adzaona kuchuluka kwa dothi limene ng'ombe zake zakhala zikukokera kumunda. Pa munda wa chitsanzo konzani ndime zitatu zofanana: ina ya manyowa okhalitsa pa dzuwa, ina ya manyowa ofundika ndi okwiriridwa msanga, ina yopanda manyowa. Muyezo wa manyowa, mbewu ndi tsiku lobzala zikhale zofanana, ndipo ndimezo zisungidwe zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa chaka chimodzi sichionetsa zonse.

Tiganizirenso za malipoti athu. Chiwerengero cha ngolo ndi milu chimaonetsa khama la alimi, koma sichinena za mphamvu ya manyowawo. Tikamalembanso kuchuluka kwa makola okhala ndi zogonera ndi denga, milu yofundika, ndi masiku amene apita kuchokera pa kututa kufikira pa kukwirira, tidzadziwa pamene uthenga wathu ukuperewera. Tikumbukirenso kuti ntchito yotuta udzu ndi mapesi imagwera kwambiri amayi ndi ana, ndiponso kuti mapesi omwewo amafunika ngati chakudya cha ziweto ndi chophimbira nthaka. Malangizo athu ayambe ndi chimene banja lingakwanitse chaka chino.

Madzi akatayika saoleka. Mlimi amene adzatifunse za chimanga chachikasu mu Januwale tidzangomuuza za feteleza wobereketsa, ngati ali ndi ndalama. Nthawi yomuthandiza kwenikweni ndi pamene ng'ombe zikulowa m'khola m'dzinja, pamene manyowa akufukulidwa, ndi tsiku limene ngolo ikutsitsa katundu wake m'munda.